Vinyo wa Silvaner wa ku Franken: Mumuphikire Ndiwo Zanji?

Mayi wina wa ku Zomba walemba motere: "Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Germany anandisiyira mabotolo atatu a vinyo woyera atabwera kutchuthi. Mabotolo ake ndi aafupi, amimba yophwatalala, ndipo pachipepala chake analembapo Franken, Silvaner, trocken, 2022 ndi 12,5% vol. Limodzi tinatsegula paphwando, tikudya keke ndi nkhuku yothira tsabola wambiri. Aliyense anakwinya nkhope, ati ndi wowawasa ndiponso akuwotcha kukhosi. Kodi anawonongeka panjira? Mwezi wamawa ndikulandira alendo asanu ndi mmodzi. Awiri otsalawa nditaye, kapena pali chakudya chimene angayenderane nacho?"

Mayi, musataye mabotolowo. Malinga ndi zimene mwafotokoza, vinyoyo alibe mlandu. Chimene chinachitika n'chakuti anakumana ndi zinthu ziwiri zimene sagwirizana nazo kwenikweni, shuga ndi tsabola, pa tsiku limodzi. Vinyo yemweyo mutamuika pambali pa chambo chokazinga chothira mchere wokwanira, alendo anu angaganize kuti mwagula wina.

Tiyambe ndi mawu akuti trocken, chifukwa ndi amene akanakuchenjezani. Mphesa zikafinyidwa, madzi ake amakhala ndi shuga wambiri, ndipo yisiti amadya shugayo n'kumusandutsa mowa. Wopanga vinyo akaimitsa yisiti panjira, vinyo amatsala wotsekemera. Akamulekerera adye mpaka pafupifupi kutha, vinyo amatuluka wopanda kutsekemera, ndipo ameneyu ndiye amalembedwa trocken. Malamulo amalola mawuwa ngati shuga wotsala sakupitirira magalamu 4 pa lita, kapena mpaka magalamu 9 ngati asidi wake ali wokwanira kumuphimba. Alimi ambiri a ku Franken amanyadira kuti wawo sadutsa magalamu 4 aja. Imeneyi ndi sipuni yaing'ono imodzi ya shuga m'lita yathunthu, pamene zakumwa zoziziritsa kukhosi zambiri zimakhala ndi magalamu pafupifupi 100. Lilime lozolowera vinyo wotsekemera wa m'mabokosi limadabwa ndithu likakumana ndi ameneyu koyamba.

Ndiye keke ija inachita izi: pakamwa pakadzaza shuga, lilime limasiya kumva kakomedwe ka zipatso kamene kali m'vinyo, n'kutsala likumva asidi yekhayekha. N'chimodzimodzi kudya lalanje mutangotha kutafuna nzimbe, lalanje labwinobwino limasanduka ndimu. Tsabola naye ali ndi vuto lake. Kuwawa kwa tsabola kukakumana ndi mphamvu ya mowa, ziwirizi zimakolezana, ndipo kukhosi kumayaka kuposa mmene tsabola yekha akanachitira. Vinyo wotsekemera pang'ono amatha kuziziritsa tsabola, koma wa trocken alibe shuga woti azimitsire moto umenewo.

Mungathe kudzitsimikizira nokha musanaphike chilichonse. Mukatsegula botolo, thirani pang'ono m'tambula, mulawe. Kenako nyambitani kamchere pachala, mulawenso. Mudzamva kuti kuwawasa kwabwerera m'mbuyo ndipo kafungo ka zipatso kaonekera. Mukatero tsukani m'kamwa ndi madzi, nyambitani shuga, mulawe kachitatu. Kusintha kwake kudzakuuzani zonse zimene zinachitika paphwando lija.

Komabe ndi bwino kudziwa zizindikiro za vinyo wowonongekadi, poti mabotolowa anayenda ulendo wautali ndipo akhala kwathu kotentha kuno. Silvaner wa 2022 ayenera kuoneka wachikasu chotuwira, nthawi zina chopita kobiriwira. Akaoneka wofiirira ngati tiyi wosathira mkaka, ndiye kuti mpweya kapena kutentha kwamulowa, ndipo amanunkha ngati apulo wobvunyika amene wagona. Akamanunkha viniga weniweni kapena mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo, wasasa. Ngati botolo lili ndi chitsekero cha khungwa la mtengo ndipo vinyo akununkha katoni yonyowa, vuto lachokera ku chitsekerocho ndipo palibe chochita. Yang'ananinso ngati pakhosi pa botolo pali zomata zosonyeza kuti anadontha. Koma timiyala tating'ono toyera tokhala ngati shuga pansi pa botolo tisakuopseni, ndi mchere wachilengedwe wa m'mphesa umene umauma vinyo akazizira. Kuthetheka pang'ono palilime nakonso n'kwachibadwa kwa vinyo woyera wa ku Germany amene sanakhalitse. Pofika tsiku la alendo, mabotolowo akhale m'kabati ya mdima, m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, kutali ndi mbaula, zenera komanso pamwamba pa firiji pomwe pamatuluka kutentha.

Tsopano za kumene vinyoyu amachokera, chifukwa chakudya cha kwawo ndicho chimatiuza choti tiphike kuno. Germany ili ndi madera 13 olima mphesa za vinyo, ndipo Franken ndi limodzi mwa iwo. Lili kumpoto kwa chigawo cha Bayern, chigawo chodziwika kwambiri ndi mowa wa balere, motsatira mtsinje wa Main, ndipo likulu lake pa nkhani ya vinyo ndi mzinda wa Würzburg. Minda yake ndi yopitirira pang'ono mahekitala 6,000. Nyengo yozizira kumazizira koopsa, nyengo yotentha kumatentha ndi kuuma, ndipo chisanu cha mu Epulo ndi Meyi chimatha kupsereza mphukira usiku umodzi wokha. N'chifukwa chake minda yabwino ili pamapiri otsetsereka oyang'ana kumwera, komwe dzuwa limawomba tsiku lonse, ndiponso pafupi ndi mtsinje.

Botolo lophwatalala limene muli nalolo limatchedwa Bocksbeutel, ndipo anthu a ku Würzburg akhala akuthiramo vinyo wawo wapamwamba kuyambira m'zaka za m'ma 1700. Mphesa ya Silvaner nayo ndi yakalekale kumeneko. Zolembedwa zimasonyeza kuti inadzalidwa ku Castell mu 1659. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa opanga vinyo akuluakulu a ku Würzburg ndi mabungwe osamalira odwala ndi okalamba. Bürgerspital inayamba mu 1316, ndipo Juliusspital inakhazikitsidwa mu 1576 ndi bishopu Julius Echter. Mpaka lero minda ya mphesa imathandiza pa ntchito yawo yachifundo. Onsewa ali ndi zigawo m'munda wotchuka wa Würzburger Stein, phiri lalitali lotsetsereka limene limaoneka mukangotsika sitima mumzindawo.

Nthaka ya ku Franken ili m'mitundu itatu, ndipo Silvaner ndi mphesa imene imaonetsa msanga dothi limene yakulira. Kumadzulo, cha ku Bürgstadt ndi Klingenberg, kuli miyala yamchenga yofiira, ndipo kumeneko amalima kwambiri mphesa za vinyo wofiira. Pakati, pomwe mtsinje umapindika kuzungulira Würzburg, Randersacker, Escherndorf ndi Volkach, pali miyala ya laimu yodzaza zigoba za nkhono, yotsalira panyanja imene inalipo zaka mamiliyoni oposa 200 zapitazo. Silvaner wa pamenepa amakhala wowongoka, wosalala, wokhala ndi kakomedwe kangati kamchere kumapeto kwake, ndipo ndiye bwenzi la nsomba. Kum'mawa, m'munsi mwa mapiri a Steigerwald cha ku Iphofen, Rödelsee ndi Castell, dothi lake ndi lolemera, ndipo vinyo wake amakhala wathupi, wonunkhira zitsamba, wotha kupirira nkhumba ndi bowa. Onani pachipepala ngati pali dzina la mudzi. Ngati palibe, kawirikawiri amakhala vinyo wa tsiku ndi tsiku wosakaniza mphesa za minda ingapo, wofunika kumwa m'zaka ziwiri kufika zinayi, choncho anuwo asasungidwenso nthawi yaitali. Mukaona chithunzi cha chiwombankhanga chokhala ndi phava la mphesa pakhosi pa botolo, ndiye kuti wopangayo ali m'bungwe la opanga vinyo wapamwamba lotchedwa VDP, ndipo zilembo GG zimasonyeza vinyo wa trocken wa m'munda wapamwamba kwambiri, amene angathe kusungidwa zaka zambiri.

Anthu akamva za vinyo wa ku Germany amathamangira vinyo wa mphesa yotchedwa Riesling. Silvaner ndi wosiyana naye. Asidi wake ndi wofatsa, fungo lake silifuula. Mumamva apulo wobiriwira, mapeyala a kumaiko ozizira (osati makotapeya), udzu wongomweta, ndi kafungo ka dothi. Kufatsa kumeneku ndiko kumamupangitsa kukhala wabwino patebulo, chifukwa salimbana ndi ndiwo. Koma kumatanthauzanso kuti ndiwo yaphokoso imamumeza. Lamulo lake ndi lakuti chakudya chikhale chamchere wokwanira, chamafuta pang'ono, chosatsekemera, chosawawa tsabola ndiponso chosawawasa kuposa vinyoyo.

Kwawo amamumwa ndi chiyani? Chotchuka kwambiri ndi katsitsumzukwa woyera, amene Ajeremani amati Spargel. Amamukolola kuyambira mu Epulo mpaka pa 24 Juni, n'kumuwiritsa, kuthira batala wosungunula, n'kudyera mbatatesi ndi nyama ya nkhumba yowamba. Masamba amenewa ali ndi kuwawa kwina kumene kumasokoneza vinyo wambiri, koma Silvaner amagwirizana nako. Kuyambira Seputembala mpaka Epulo amadya nsomba ya m'maiwe yotchedwa Karpfen, yoiviika mu ufa n'kuikazinga m'mafuta ambiri. Pali masoseji a Bratwurst owotcha, komanso ena owiritsa m'msuzi wa anyezi ndi viniga otchedwa Blaue Zipfel. Ndipo pali chakudya chimodzi chimene munthu wa kunyanja angachizindikire nthawi yomweyo, Meefischli. Izi ndi tinsomba tating'ono ta mumtsinje wa Main, toviika mu ufa, tokazinga tathunthu, todya ndi mutu womwe pogwiritsa ntchito zala. Ku Würzburg amati kansombako kasatalike kuposa chala chaching'ono cha chiboliboli cha Kilian woyera chimene chili pamlatho wakale wa mumzindamo.

Mwaona kale kumene ndikulowera. Usipa wauwisi wokazinga ndi Silvaner zimayenderana monga mmene Meefischli zimachitira, ndipo ndingakulangizeni kuti muyambire alendo anu pamenepo. Kwa anthu asanu ndi awiri, theka la kilo ndi lokwanira monga choyambira. Tsukani usipawo, finyani matumbo ngati ndi wokulirapo poti ndi amene amabweretsa kuwawa, ndipo muupukute ndi kansalu mpaka uume. Nsomba yonyowa imaziziritsa mafuta n'kuwamwa. Sakanizani ufa wa tirigu masipuni anayi aakulu ndi mchere sipuni imodzi yaing'ono, gubuduzanimo usipa, kung'unthani ufa wotsala. Mafuta atenthe mpaka kachidutswa ka buledi kazisanduka kofiirira m'theka la mphindi. Kazingani pang'onopang'ono, dzanja limodzi nthawi imodzi, kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Mukathira wonse pamodzi mafuta amazizira ndipo usipa umatuluka wofewa, wonona mafuta, zimene zimapangitsa vinyo kumveka ngati madzi. Ndimu akhale madontho ochepa chabe.

Usipa wouma ndi matemba ouma ndi nkhani ina, ndipo sindingakulimbikitseni. Mafuta a nsomba yoyanikidwa padzuwa amasintha, ndipo akakumana ndi vinyo fungo la nsomba limakula m'kamwa n'kusiya kakomedwe kachitsulo. Bonya ndi wowawa kwambiri kwa vinyo wofatsa chonchi. Nsomba yowamba pamoto, monga kampango kapena mlamba, imathekako ngati utsi wake si wambiri, koma ikadakondwa ndi Silvaner wathupi wa ku Steigerwald kusiyana ndi wa tsiku ndi tsiku.

Ndiwo yaikulu ikhale chambo chachiwisi. Chambo chili ndi nyama yoyera, yosanunkha, ndipo palibe china m'khitchini mwathu chimene chimamuonetsa vinyoyu bwino kuposa icho. Sankhani nsomba za magalamu 350 kufika 450, zamaso owala ndi makha ofiira. Palani mamba, chotsani matumbo, temani mizere itatu mbali iliyonse mpaka pamunga. Pakani mchere theka la sipuni yaing'ono pa nsomba iliyonse, mkati ndi kunja, muzisiye mphindi 20, kenako mupukute madzi amene atuluka. Kazingani mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi mbali iliyonse, osazitembenuzatembenuza, apo ayi khungu limatsalira pachiwaya. Mukafuna kuwotcha pamakala, dikirani malawi athe, makala atuwe phulusa, mupake mafuta pansomba ndi pawaya. Khungu lopserera mpaka kuda limawawa, ndipo kuwawako kumapatsira vinyo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pamsuzi. Msuzi wathu wa masiku onse wa tomato wambiri umakhala wowawasa ndithu, ndipo chakudya chikawawasa kuposa vinyo, vinyoyo amamveka wosakoma, wopanda moyo. Tomato wa m'chitini ndiye woipirapo chifukwa ali ndi asidi ndi kutsekemera komwe. Ngati simungachite popanda tomato, ikani awiri okha akupsa bwino pa mphika wonse, muwaphike nthawi yaitali ndi anyezi mpaka mafuta ayandame pamwamba. Koma pali msuzi wina wosavuta umene ndi wabwino koposa. Dulani anyezi mmodzi bwinobwino, mumufewetse m'batala sipuni imodzi yaikulu pamoto wochepa osalola kuti afiire. Thiranimo theka la kapu ya vinyo yemweyo, awire mpaka atsale theka. Onjezani kirimu theka la kapu, mchere pang'ono, muwiritse mphindi ziwiri, n'kuphula. Mukathira kirimu vinyo asanaphwe, msuzi umatha kudukaduka. Ngati kirimu palibe, phulani mphika n'kutakasiramo batala wozizira masipuni awiri, kachidutswa kamodzikamodzi.

Pa zamasamba ndi pamene Silvaner amaposa vinyo ambiri, ndipo ndiwo zathu zotendera zimamukomera modabwitsa. Nkhwani wotendera, chisoso pang'ono, khwanya, chigwada chosinja bwino, zonsezi zili ndi kafungo ka dothi kofanana ndi ka vinyoyu, ndipo mafuta a nsinjiro amafewetsa asidi wake. Pa mitolo itatu ya nkhwani, nsinjiro kapu imodzi ndi tomato mmodzi zakwana. Chenjerani ndi soda. Kansonga ka sipuni n'kokwanira, chifukwa akachuluka ndiwo imamveka sopo ndipo vinyo amatsatira momwemo. Pa chifukwa chomwechi therere la soda ndingalisiye pa tsikulo. Mpiru wokhwima umawawa kwambiri, koma wanthete wofwafwaza ndi anyezi ulibe vuto. Ikakhala nthawi ya dzinja ndipo mwapeza bowa wa utale kwa munthu amene amadziwadi bowa, mukazingeni m'batala ndi mchere basi. Bowa ndi Silvaner ndi zinthu zimene ngakhale ku Franken amaziphatikiza.

Chodyera chake chisakudetseni nkhawa. Nsima ilibe mkangano ndi vinyo aliyense, imangotsatira ndiwo. Mpunga wa Kilombero ndi wabwino, ndipo kununkhira kwake sikumuphimba vinyoyu. Mbatatesi yowiritsa yothira batala ndi imene Ajeremani akanasankha. Zoyenera kupewa ndi mbatata yakholowa, maungu ndi nthochi zakupsa, chifukwa kutsekemera kwake kudzabweretsanso vuto la keke lija, ngakhale pang'ono. Saladi ya kabichi yothira mayonezi wotsekemera ilinso m'gulu lomweli. Ya tomato ndi anyezi wauwisi yothira viniga ndi yoopsa kawiri, asidi ndi ukali wa anyezi. Mukaifuna, viikani anyezi wodulayo m'madzi ozizira amchere kwa mphindi 10, ndipo m'malo mwa viniga muthire mafuta ndi timadontho ta ndimu.

Ngati pakati pa alendo pali osadya nsomba, nkhuku yachikuda yophika ndi anyezi, adyo pang'ono ndi mchere, yomwe msuzi wake waphwa n'kutsala wokhuthara, ndi yoyenera. Nkhumba yowotcha yosapaka zotsekemera nayo imayenda. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yowotcha, yofiira ndi yautsi, imamupondereza vinyoyu. Ku Franken nyama zotere amamwera vinyo wofiira wa Spätburgunder kapena Domina. Zakudya zothira kale (curry) wambiri, bilyani wa zokometsera zambirimbiri ndi chakudya cha tsabola wa kambuzi zimafuna vinyo wokhala ndi shuga pang'ono, wolembedwa halbtrocken kapena feinherb, makamaka Riesling. Mlamu wanuyo akadzabweranso mungamutume ameneyo. Sindikunena kuti tsabola asapezeke patebulo, ndikudziwa kuti alendo ena sadya popanda iye. Muikeni m'kambale kapadera, aliyense adzithirire yekha, ndipo muwauze kuti ayambe alawa vinyo asanathire.

Kuzizira kwa vinyo kumasintha zambiri. Silvaner wa tsiku ndi tsiku amakoma pa madigiri 8 kufika 10, ndipo wathupi ngati GG pa 10 kufika 12. Ikani mabotolo mufiriji maola atatu alendo asanafike, muwatulutse mphindi 10 musanathire. Wozizira kwambiri sanunkhira chilichonse ndipo asidi yekha ndiye amamveka. Wofunda amamveka mowa ndi kuwawa, ndipo ndikuganiza kuti paphwando lija izinso zinachitika. Magetsi akazima, thirani madzi ndi ayezi muyezo wofanana mundowa, onjezani mchere dzanja limodzi, mumize botolo mpaka m'khosi kwa mphindi 20. Ayezi yekha wopanda madzi amachedwa chifukwa sakhudza botolo lonse. Musaiwale botolo m'chipinda choumitsira madzi, limaphulika. Ayezi wa m'tambula amasungunula vinyo amene ndi wofatsa kale, choncho ndi bwino kuthira pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula, botolo n'kubwerera m'madzi ozizira. Matambula akhale otsukuluzidwa bwino, chifukwa fungo la sopo kapena la m'kabati limamveka msanga pa vinyo ngati ameneyu.

Botolo limodzi ndi mamililita 750, kutanthauza matambula asanu ndi limodzi a mamililita 125. Mabotolo awiri, mutachotsapo wa msuzi uja, apatsa anthu asanu ndi awiri tambula imodzi ndi theka aliyense, zomwe ndi zokwanira pa chakudya chamasana. Ikani madzi akumwa ambiri patebulo ndiponso chakumwa china cha osamwa mowa. Zotsekemera monga keke, mandasi kapena zipatso zibwere vinyo atatha, pamodzi ndi tiyi. Vinyo akatsala, tsekani botolo mwamphamvu, liime mufiriji, mumalize m'masiku awiri kapena atatu. Akadutsa apo akadali wabwino kuphikira.

Pali zina zimene si za kakomedwe koma ndi zofunika kuzinena. Vinyo wa 12,5% ali ndi mphamvu yoposa kawiri ya mowa wa m'mabotolo wa masiku onse, ndipo popeza amatsika mosavuta akazizira, munthu amazindikira mochedwa. Woyendetsa galimoto asamwe. Mayi woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono, ndipo ana asapatsidwe. Amene akumwa mankhwala a metronidazole asakhudze mowa mpaka patapita masiku osachepera awiri atamaliza, chifukwa ena amasanza ndi kugunda mtima kwambiri. Amene ali pa mankhwala a TB, a shuga, a khunyu, ogonetsa, kapena amene ali ndi vuto la chiwindi ndi zilonda za m'mimba, afunse dokotala kapena wa ku famase asanamwe, ndipo chimodzimodzi amene ali pa ma ARV. Mawu akuti trocken asanamize wodwala shuga kuti vinyoyu alibe vuto kwa iye, chifukwa mowa pawokha umatha kutsitsa shuga m'magazi mwadzidzidzi kwa amene amabaya insulini. Pachipepala mudzaonanso mawu akuti enthält Sulfite, kusonyeza kuti muli mankhwala otetezera vinyo kuti asasase. Kwa ambiri alibe vuto, koma ena a mphumu amabanika nawo. Mlendo akayamba kupuma movutikira, kutupa milomo kapena kutuluka zidzolo atamwa, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukatsegula botolo lachiwiri n'kupeza chimodzi mwa zizindikiro zowonongeka zija, makamaka mtundu wofiirira ndi fungo la viniga, tsegulaninso lachitatu alendo asanafike kuti mudziwe pamene muli. Mabotolo amene anayenda limodzi ndi kusungidwa malo amodzi nthawi zambiri amawonongekera limodzi. Zikatero, pitani kusitolo yogulitsa vinyo mufunse woyera wosatsekemera, wosasungidwa m'migolo yamatabwa, wa chaka chaposachedwa. Chenin Blanc wa ku South Africa ndiye amapezeka mosavuta kuno, ndipo usipa, chambo ndi nkhwani wotendera zija zidzamuyenera popanda kusintha kaphikidwe.